Nkhope ya Amira pa Mapepala Atatu

Mayfair, Joni
12 Januwale 2025

Make Amira,

Assalamu alaikum. Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kupatula chimfine chimene chandikakamira sabata yonse. Kaya inu ku Nsanama kumeneko, ndi mwanayo, ndi mayi anu? Onse muwapatse moni.

Mudabwa kuti ndayamba makalata ngati munthu wa nthawi ya Wenela. Mlandu ndi wa achimwene anu a Jamali. Foni imakhala m'manja mwawo tsiku lonse, ndipo mawu amene ndinakujambulirani mwezi watha ndamva kuti anamveka mpaka kuchigayo. Ndiye za inu ndi ine zizibwera papepala, ndi a Samson a lole amene amatinyamulira katundu. Amaima pa Phalula kwa amayi anga, kenako pa Liwonde pamene muzikakumana nawo. Yankho muziwapatsa omwewo pobwerera.

Ndatumiza ma randi 1,200, mafuta ophikira, shuga ndi kabulangete ka mwana. Feteleza wobereketsa musachedwe naye, chimanga sichidikira munthu. Malata asanu ndi atatu aja asabwerekedwe ndi aliyense, ngakhale abwere akulira. Shuga wina ndasiyitsa ku Phalula, koma musati ndakuchotserani, ndinagula wofanana mbali zonse.

Chithunzi cha Amira ndachilandira, chija waima atagwira mpando. Ndinachoka muli ndi pakati pa miyezi inayi, lero munthu waima ndi miyendo yake, bambo wake sanamunyamuleko. Ndinachiyang'ana mpaka foni inatha moto.

Tsono tamvani zimene zachitika. Mukudziwa kuti pakampani yathu yosindikiza ine ndine wa kusitolo ya mapepala: kulandira, kusanja, kukankha ngolo mpaka kumakina. Pali Mzimbabwe wina dzina lake Clever, amene amakhala pakompyuta n'kumakonza mitundu zinthu zisanasindikizidwe. Ndinamunyengerera ndi chipisi kuti andisindikizire mwanayo pa zidutswa zotsala. Anasindikiza pa mapepala atatu: lolimba la mabokosi, lapakatikati la makhadi, ndi losalala loyera mbee la timabuku. Makina amodzi, inki imodzi, chithunzi chimodzi. M'kati mwa fakitale onse anali Amira. Nditatuluka nawo panja padzuwa, ndinapeza kuti ndili ndi ana atatu. Wa pabokosi ndi wofiirira ngati ine, wa pakhadi wada pang'ono, wa papepala losalala watuwa ngati simumudzoza mafuta. Clever anangoti mapepala ndi choncho, ndisamusokoneze.

Ndaika atatu m'kalata muno, atatu ena ali m'thumba la malaya anga. Muwaonere panja, mundiuze mwana wanga ndi uti.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Tapeza ntchito ya mayi wina wa kuno amene ali ndi kampani ya mafuta ndi paudala wodzola kunkhope, wa akazi akuda. Khungu lathuli analigawa mitundu khumi ndi iwiri, ndipo mtundu uliwonse uyenera kuoneka chimodzimodzi pabokosi, pakhadi ndi m'kabuku, kuti mkazi akasankha nambala 7 m'kabuku akapeze nambala 7 yemweyo m'botolo. Abwana ati ntchitoyi ikayenda bwino andipatsa masabata atatu pa Idi, malo anga akundidikira. Mukudziwa mmene kulili kuno: ukangochoka pawekha, m'mawa mwake ngolo yako ikukankhidwa ndi wina. Ndiye pempherani. Ndikufuna ndidzamunyamule mwanayo asanayambe kuitana a Jamali kuti ababa.

Ndine wanu,
Zubairu


2 Febuluwale 2025

Make Amira,

Assalamu alaikum. Moyo ulipo, chimfine chinatha. Ndamva kuti mwanayo anatsekula m'mimba chifukwa cha mano, ndikhulupirira kuti pano wapeza bwino.

Kalata yanu ndailandira ndipo ndakumvani. Mwati mwa atatuwo mulibe Amira, ndipo mwandilembera mizere isanu ndi umodzi yofotokoza mafuta amene mumamudzoza m'mawa ndi madzulo. Pepani mayi, sindinati mwana wanu ndi wotuwa. Ndimanena pepala.

Ntchito ija siinayende. Tinasindikiza zonse, timabuku tokha 40,000. Pafakitale pali kabokosi ka magetsi kamene timaoneramo mitundu, ndipo mmenemo zonse zinali bwino. Mayi aja anabwera, anasuzumira m'kabokosi, anavomera. Kenako anatenga bokosi limodzi, khadi ndi kabuku, kupita nazo kugalimoto yawo. Sanafike n'komwe. Anabwerera ali pakati pa bwalo n'kudzaponya kabuku patebulo la abwana.

Anati, "Ine ndimagulitsa mafuta ochotsa kutuwa, inu mwandisindikizira akazi otuwa. Angagule ndani?"

Abwana anapepesa, anasintha inki, anatsukitsa makina, tinayesanso pang'ono. Chimodzimodzi: m'kabokosi zabwino, panja zotuwa. Mayiwo apereka mpaka pakati pa Malichi, apo ayi apita kwina.

Pamenepo abwana anayamba kufunafuna wolakwa. Ati mapepala a timabuku analowa chinyezi kusitolo, ndipo wa kusitolo mukumudziwa. Ine mapepala amenewo ndinawasanja pamathabwa, kutali ndi khoma, pulasitiki yake sindinang'ambe mpaka tsiku losindikiza. Ndinanena zimenezo. Clever anali pomwepo, anangoyang'ana nsapato zake. Kuno mlandu ukasowa mwini amaupachika kwa amene kwawo n'kutali.

Mwezi uno ndatumiza 400 yokha. A Samson musawafunse, sakudziwa kanthu. Ndamva kuti chimanga chakwera koopsa pamsika, ndiye matumba awiri otsala aja musagulitseko ngakhale chidebe chimodzi, mavenda akunyengerereni bwanji. Mbuzi yaikazi isachoke pakhomo. Yamphongo ndiye mungaganizire zinthu zikathina.

Ndasamuka chipinda. Tsopano tikugona anayi, anzangawo ndi a ku Mposa. Si koipa, timacheza Chiyao. Za Idi musauzenso anthu, amene munawauza kale omwewo basi.

Wanu,
Zubairu


16 Febuluwale 2025

Make Amira,

Assalamu alaikum. Ndili bwino, ndipo lero ndikunena zoona. Inu muli bwanji, ndi wamano anayiyo?

Mwandigwira bodza, ndavomera. Mwati munthu wa pantchito saimba foni Lachiwiri 10 koloko m'mawa. Zoonadi. Kuyambira pa 27 Januwale abwana anandiuza kuti ndikhale kunyumba mpaka adzandiitane, ndipo mawu amenewo kuno tonse timadziwa tanthauzo lake. Masabata atatuwa ndakhala ndikutsitsa matumba a anyezi kumsika. Sindinafune kukusenzetsani zimenezi muli ndi mwana wodwala. Ndinkaopanso, ndiyenera kunena. Ndinkaona Idi ikundithawa.

Mkanjo umene mwandisoketsera wa Ramazani wafika. Nditamasula, fungo la sopo wanu waufa linadzaza chipinda chonse. Sindinathe kudikira Ramazani, ndinauvala dzana ku Juma.

Pochokera kumzikiti ndinalowa mugolosale ya Msomali wa pakona kukagula buledi. Msomali ameneyu sakhulupirira munthu. Pakauntala ali ndi kanyali ka pepo koyesera ndalama zachinyengo, ndipo pepala lililonse amalilowetsa pansi pake. Ndikutambasula dzanja kuti ndilandire chenji, mkono wa mkanjo unalowa pansi pa kanyali kaja. Make Amira, unayaka! Buluu wowala ngati moto wa gasi. Ndinavula mzuli wanga wakale, umene ndimachapa ndi sopo wamtanda, n'kuuika pomwepo. Zii, sunawale.

Ndinakumbukira Idi yathu yoyamba. Ine ndi achimwene anga tinasoketsa mikanjo ya nsalu imodzi kwa telala mmodzi. Wanga munachapa inu ndi sopo waufa, wa achimwene anachapa amayi ndi wamtanda. M'nyumba inali yofanana. Titafika pabwalo la swala dzuwa litatuluka, wanga unkathobwa m'maso, wawo unali ngati wa chaka chatha. Amayi anandikokera pambali n'kuti, "Mkazi wakoyu umuone bwino, wathira mankhwala pamkanjo." Munalira tsiku la Idi, ndipo mpaka lero mukapita ku Phalula simugonako.

Ndiye ndinapisa m'thumba n'kutulutsa ana anga atatu aja. Ndinawatembenuza kumbuyo kopanda inki, kuwandanditsa pansi pa kanyali. Pepala la mabokosi, zii ngati mzuli. La makhadi linawala pang'ono. Losalala lija, la mwana wotuwa, linayaka ngati mkanjo wanu. Msomali anati, "Malawi, ukugula kapena ukusewera?" Ndinagula buledi wina kuti ndiyang'anenso kachiwiri.

Si chinyezi iyayi. Pepalalo lili ndi mankhwala ngati a m'sopo wanu, anathira okha opanga mapepala kuti lizioneka loyera. Mankhwalawo m'nyumba amagona, padzuwa amadzuka n'kutulutsa buluu, ndipo buluu akalowa pakhungu lofiirira munthu amatuwa. Mmene angakonzere sindikudziwa, sukulu ndinalekezera Fomu 2. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Msomali ali ndi kanyali kena kakang'ono ka mabatire, wavomera kundibwereka. Mawa ndikukamudikirira Clever pageti.

Ulendo uno ndatumiza kalata yokha ndi tinsapato ta mwana timene ndinagula kale. Mbuzi yamphongo ija gulitsani.

Ndine wanu,
Zubairu


2 Malichi 2025

Make Amira,

Assalamu alaikum, Ramazani Mubarak kwa inu nonse. Ine ndili bwino, msana wokha ukukumbukirabe anyezi. Ndasangalala kumva kuti mwanayo wachira ndipo akudya phala mosavuta.

Clever ndinamupeza pageti Lolemba lija. Atandiona anayamba kulankhula pafoni yosalira. Ndinamugwira mkono, kulowa naye m'kanyumba ka alonda, n'kuyala mapepala atatu pabenchi. Nditayatsa kanyali anagwira mutu.

Anati, "Izi ndinaphunzira kukoleji. Ndinalemba mayeso ake ndithu. Ndine chitsiru."

Anandifotokozera, ndipo ndikufotokozerani mmene ndinamvera. M'dzuwa muli kuwala kwina kumene maso athu saona, kofanana ndi kwa kanyali ka Msomali, ndipo ndi kumene kumadzutsa mankhwala aja. Machubu a magetsi a m'kabokosi kathu ndi akalekale, kuwala kumeneko alibe, n'chifukwa chake mmenemo zonse zimaoneka zabwino. Tili ndi kamakina koyezera mtundu, kakang'ono ngati simbi, koma munthu amene analipo Clever asanabwere anakatchera kuti kasamaone kuwala kumeneko, ndipo palibe anasinthapo. Ndiye pali chinthu chotchedwa pulofayilo, chimene chimauza makina kuchuluka kwa inki iliyonse. Chili ngati muyezo wa telala. Ife tinali ndi muyezo umodzi, wotengedwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo pa pepala limene anasiya kupanga, n'kumasokera anthu atatu osiyana matupi.

Ndinamufunsa chifukwa chimene anakhalira chete tsiku lija. Anati, "Ndinkadziwa kuti si chinyezi, koma sindinkadziwa kuti n'chiyani. Ndikanati si iwe, akanati ndiye ndani? Ndili ndi ana awiri ku Gweru." Kenako anafunsa ngati ndikawauze abwana kuti mlandu ndi wa kukompyuta. Mtima unkafuna, sindibisa. Koma ndinati, "Sindinabwere kudzapachika munthu, ndabwera kudzatenga ngolo yanga. Iwe uli ndi sukulu, ine ndili ndi kanyali. Mutu umodzi susenza denga."

Abwana anatizemba masiku atatu. Lachisanu ndinangolowa muofesi mwawo ndi mkanjo wanu nditachoka ku Juma, Clever ali kumbuyo kwanga. Anati, "Wakulowetsa ndani?" Clever anatseka makatani, ine ndinayala mapepala n'kuyatsa kanyali, kenako ndinaika mkono wanga pambali pake. Abwana anayang'ana pepala, anayang'ana mkono, ndiye anayang'ana pachifuwa pawo, poti malaya awo oyera nawo anali atayaka.

Anati, "Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Ndinati, "Akazi anga ndi amayi anga, bwana, tsiku limene anayambana."

Sanaseke. Anafunsa Clever mtengo wa machubu atsopano, ataumva anatukwana m'chilankhulo chawo, koma anaimba foni kuitanitsa. Ndiye anati, "Machubu akafika, sabata imodzi. Zikakanika, nonse awiri kunja kwa geti." Clever anatuluka thukuta lili kamukamu. Ine ndinali kale kunja kwa geti, ndiye sindinaone choopsa.

Ndinayambanso ntchito Lolemba lapitali. Machubu afika dzana, mawa tiyamba kuyeza.

Ndatumiza 500, zipatso za tende zomasulira kusala madzulo, ndi mapaketi awiri a sopo waufa. Imodzi ndi yanu. Inayo ndi ya amayi, ndipo sindinaisiyitse ku Phalula dala. Ndikupempha mukapereke nokha, ndi mwanayo kumsana. Mukawauze kuti mwana wawo wati za mankhwala sananame, anangolakwitsa wothira. Mukakana sindikukakamizani, koma ndapempha.

Wanu,
Zubairu


16 Malichi 2025

Make Amira,

Assalamu alaikum. Khalani pansi musanawerenge, mwanayo mumupatse mayi anu kaye. Ine ndili bwino, kuposa bwino. Ndikhulupirira kuti swaumu ya Ramazani ikukuyenderani.

Ntchito yake inali yotere. Clever anasintha kamakina kuti kaziona kuwala kwa dzuwa kuja, n'kuyeza mapepala opanda inki. La mabokosi nambala yake inali pamwamba pa ziro, la makhadi 4 pansi pa ziro, losalala 9 pansi pa ziro, kutanthauza buluu wambiri. Abwana anaona manambalawo ndi maso awo, ndipo mawu oti chinyezi sanatulukenso pakamwa pawo.

Kenako tinasindikiza timadontho ta mitundu 1,600 pa pepala lililonse la atatuwo, kudikira tsiku lathunthu kuti inki iume, ndiye kuyendetsa kamakina mzere ndi mzere, kompyuta ikulemba zimene kakuona. Clever ali ndi dzanja la phuma, amathamanga ngati akuthamangitsidwa, kompyuta n'kumakana. Anandipatsa ine. Munthu amene anaookapo mpunga m'mizere ku dambo la kwanu, mizere ya papepala siingamuvute. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndisadzitame kwambiri: Lachitatu, njala ya swaumu itandigwira cha m'ma 4, ndinadumpha mzere umodzi, ndipo kompyuta inatitulutsira akazi obiriwira ngati masamba a nkhwani. Tinayambiranso pepala limenelo.

Pomaliza tinali ndi mapulofayilo atatu, pepala lililonse muyezo wake. Pa losalala, kompyuta inadziwa yokha kuonjezera chikasu pang'ono n'kuchepetsa buluu, kuti zikakumana ndi buluu wa m'pepala zikwanirane. Clever anati tiyambe tayesa ndi nkhope ya munthu, ndinamupatsa foni. Anasindikiza Amira katatu. Ndinatuluka nawo pabwalo dzuwa lili paliwombo. Mwana mmodzi, katatu. Ndinalira pomwepo, oyendetsa magalimoto akuona, ndipo sindinachite manyazi.

Mayi aja anabwera Lachitatu lapitali. Abwana anawalozera kabokosi ka machubu atsopano, iwo sanakayang'ane n'komwe. Anatenga bokosi, khadi ndi kabuku, ulendo wa panja, ife tonse pambuyo ngati anapiye. Anapinda malaya, anadzola nambala 7 pamkono, n'kuzunguliza zitatu zija pambali pake. Anayang'ana padzuwa. Anapita pamthunzi wa khoma, anayang'ananso. Anapukuta, anayesa nambala 2, kenako 11.

Clever, amene sabata zapitazo ankayang'ana nsapato, anayankhula yekha. Anawauza kuti padzuwa ndi m'masitolo owala zifanana, koma pa babu lofiira la m'nyumba kabuku kadzasiyana pang'ono ndi bokosi, chifukwa mankhwala aja akagona chikasu chimatsala chokha, ndipo palibe angathetse zimenezo. Abwana anamuyang'ana ngati amumeze.

Mayi anati, "Mkazi amadziwa zoona za nkhope yake akatuluka panja. Sindikizani zonse." Kenako anafunsa, "Anazindikira vuto ndani?"

Abwana anatsokomola kawiri, n'kundiloza ndi chibwano. Mayiwo anandigwira chanza pamaso pa fakitale yonse, n'kufunsa ngati ndili pabanja. Anati ndisankhire akazi anga botolo. Ndasankha nambala 9, lili m'katundumu. Ngati ndalakwitsa musandilembere mizere isanu ndi umodzi, papita chaka ndi miyezi isanu ndisanakuoneni padzuwa.

Abwana sapepesa ndi pakamwa. Lachisanu anandiitana n'kuti ngolo ndiisiye, apeza wina woikankha. Ine ntchito yanga tsopano ndi kuyeza pepala lililonse lolowa pageti, kulilembera nambala yake, ndi kupanga mapulofayilo pamodzi ndi Clever. Malipiro akwera, masabata anayi aja andibwezera, ndipo agula kanyali kakampani. Ka Msomali ndabweza, wati tsiku lina ndikamuyezere mkaka. Amene anatulutsidwa chifukwa cha chinyezi, lero pepala silifika kumakina ndisanalivomereze ine, mkamwini wa ku Nsanama. Akuluakulu sananame, mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ngakhale kalumo kameneka munanola ndi inu.

Kalata ya tchuthi asaina. Masabata atatu, malo anga akundidikira. Tsopano uzani aliyense, a Jamali akalengeze kuchigayo.

Ndatumiza 2,000. Mugule mbuzi ina yamphongo kulowa m'malo mwa ija, ndipo mupeze mmisiri aone ngati malata aja angakwane khonde.

Ndine wanu wonyada,
Zubairu


23 Malichi 2025

Make Amira,

Assalamu alaikum. Ndili bwino. Kalata iyi a Samson afika nayo masiku awiri ine ndisanafike, ndiye ndifupikitsa.

Yanu ndaiwerenga katatu. Mwati munapita ku Phalula n'kugonako masiku awiri. Mwati amayi analandira sopo n'kunena kuti sopo wotere amadya nsalu, koma m'mawa mwake munapeza mpango wawo woyera uli pachingwe ukuthobwa m'maso, iwo akuyang'ana kumbali. Mwatinso Amira anawayendera masitepe atatu, ndipo iwo ati Idi adzadyera kwanu. Sikomo, make Amira. Zimene mwachitazi n'zovuta kuposa timadontho 1,600.

Nambala 9 mwati yakwana ndendende. Ndauza fakitale yonse.

Timabuku tonse tatuluka, mayi aja atenga ndipo abweretsa kale ntchito ina ya mwezi wamawa. Basi ndikwera Lachinayi. Insha Allah Loweruka m'mawa ndili mu Blantyre, masana pa Liwonde, ndipo cha m'ma 3 ndikutsika pa Nsanama. Musavutike kudzandichingamira, katundu ndi wochepa: diresi la mwana, nsalu yanu, ya mayi anu ndi ya amayi, ndi foni yanuyanu imene a Jamali sadzaigwira. Mkanjo ndauchapa ndekha koma sukufika pa inu, mudzaubwereze isanafike Idi.

Ana atatu a m'thumba mwanga aja tsopano ndi mmodzi. Koma Clever wandiuza chilungamo, wati pulofayilo imangofananitsa pepala ndi chithunzi cha pafoni. Ngati foni ya a Jamali inanama, ndiye kuti mapepala onse atatu anama mofanana. Kamakina kathu kamayeza chilichonse chimene ungaike pansi pake, koma mwana wanga sikanamuone, ngati mmene ine sindinamuonere.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Musandidikirire m'nyumba, kapena pansi pa mango. Muyale mkeka pakati pa bwalo, dzuwa likhala lilipobe, mukhale naye pamenepo. Akathawa n'kubisala kumbuyo kwanu musamukalipire, sakundidziwa, ndidikira. Ndikufuna ndimuone koyamba padzuwa, ndi maso angawa. Zithunzi sinditulutsa n'komwe m'thumba.

Ndine wanu, wobwera,
Bambo a Amira